Manambala a pa wayilesi usiku si a afiti

Sabata yatha tili pa maliro ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, tikuwotha moto, bambo wina anatiuza kuti kale akamapotokola wayilesi yake ya shortwave, yogwira mawayilesi a mayiko akutali, pofunafuna nkhani za kumudzi ku Malawi, ankamva mayi akuwerenga manambala asanuasanu, mawu osakwera osatsika. Ambiri anavomerezana kuti amenewo ndi afiti akuitanizana. Zinandiwawa, chifukwa mphekesera zotere zimaopseza agogo athu pachabe.

Mauthengawo amapita kwa akazitape. Boma limene lawatuma limaulutsa manambalawo poyera, aliyense amve, koma tanthauzo lake amalidziwa ndi amene ali ndi kapepala ka manambala ena osankhidwa mwachisawawa. Iye amalemba zimene wamva, n'kuchotserapo manambala a pa kapepalako, ndipo zotsalazo zimasanduka zilembo. Akamaliza amakawotcha. Kapepalako kakagwira ntchito kamodzi kokha, palibe wina angamasulire uthengawo, ndipo katswiri wa masamu wa ku America, Claude Shannon, anasindikiza umboni wa masamu wa zimenezi mu 1949. Komanso womvera wayilesi sasiya phazi ngati woimba foni.

Ana Montes, amene ankagwira ntchito yaukazitape m'boma la America, anamangidwa mu 2001 chifukwa chotumikira Cuba, ndipo malangizo ankawalandira pa shortwave. Mofananamo, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, BBC ku London inkawerenga ziganizo zooneka zopanda mutu m'Chifalansa, zimene zinkauza omenyana ndi asilikali a Germany ku France nthawi yoyamba kuwononga njanji.