Boyi uja anatsalira pagolo

Lamulungu masana, pabwalo la mpira la pa esiteti ku Thyolo kapena ku Mulanje, mudzamva ochemerera akukuwa kuti, "Goloboyi, dzuka!" Wokuwiridwayo nthawi zina ndi bambo wa ana anayi, wandevu zake. Palibe amadabwa nazo, komatu dzinali lili ndi mbiri yowawa.

Tiyi anabzalidwa ku Mulanje kuno mu 1891, pa Lauderdale, kenako anafalikira ku Thyolo. Ambiri ogwira ntchito m'mindamo anali Alomwe ochokera ku Mozambique, ena ali pa thangata, kulipira malo okhala ndi thukuta lawo. Kwa mzungu wa pa esiteti, mwamuna wakuda aliyense anali boyi, kaya mutu uli mbuu ndi imvi. Wophika anali kukiboyi, wothirira maluwa gadeniboyi. Mpira wamiyendo, womwe unabwera ndi amishoni ndi atsamunda, utafika kumapazi athu, woima pagolo anangolowa mumzere womwewo.

Mawu ena achizungu tinangowapinda kuti akwane pa lilime lathu: penate, kona, ofusayidi. Koma zokoma za m'bwalo tinazitcha tokha. Wodutsa anzake mpira uli kuphazi akudoda, timu yogonja yakwapulidwa, zigoli zikafanana alepherana. Ana osowa mpira wa kusitolo amamanga chikulunga cha majumbo. Ndipo ndani angapose amene anatcha mpira wamanja kuti ntchemberembaye?

Ngakhale "neba" tinalipatsa ntchito yatsopano. Bullets inayambitsidwa mu 1967 ndi osewera omwe anachoka ku Wanderers, onse a mu Blantyre momwemo. Mpaka lero wa Maule, wochemerera Bullets, akati "neba wagwa nayo", Noma aliyense, wochemerera Wanderers, pa Chitakale kapena pa Bvumbwe amadziwa kuti akunena iye.

Pa goloboyi pokha ndi pomwe timagawikana. Pawailesi mumamvanso akuti wotchinga pagolo. Anzanga ena amati n'kutalikitsa nkhani, dzinalo linasiya kalekale kununkha utsamunda, ndipo pokuwa limatuluka msanga. Zoti limatuluka msanga sindikana. Koma agogo anga aamuna anathyola tiyi mpaka msana kupindika, akuitanidwa boyi ndi anyamata amsinkhu wa ana awo, ndipo ankati akalikumbuka dzinalo nkhope imagwa. Kukiboyi ndi gadeniboyi ambiri timachita nawo manyazi tsopano. Mdzukulu wawo akaima pagolo Lamulungu likubwerali, ine ndidzamuitana ndi dzina lake.