A PEA asanabwere, kunali a Jeanes

Aliyense amene anaphunzira pasukulu ya kumudzi amalidziwa tsiku lobwera a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale. Bwalo limasesedwa m'mamawa, ahedi amatulukira atamanga tayi, ndipo mphunzitsi amene sikimu yake inaima sabata zitatu zapitazo amakhala atachezera kulemba ndi tochi. Ambiri timayesa udindo woyendera sukuluwu unabwera ndi matipate. Chatsopano ndi dzina lokha, ntchitoyo mizu yake ili ku Domasi.

Kuchokera m'ma 1870 sukulu zinali m'manja mwa mamishoni: Livingstonia, Blantyre, a UMCA (Angilikani) ku Likoma, a Dutch ku Mvera ndi ku Nkhoma, kenako Akatolika. Sukulu ya m'mudzi inali kanyumba kaudzu, Lamulungu tchalitchi, mkati mwa sabata kalasi, ndipo mphunzitsi nthawi zambiri ankangoposa ana ake ndi makalasi owerengeka. Boma la atsamunda linkangopereka kandalama kochepa kwa amishoniwo. Linadzatsegula dipatimenti ya maphunziro mu 1926, nthumwi za bungwe la ku America la Phelps-Stokes zitayendera dziko lino mu 1924.

Nthumwizo n'zimene zinabwera ndi nzeru ya "mphunzitsi woyendera" kuchokera ku America. Kumeneko mayi wina wa mpingo wa Quaker ku Philadelphia, Anna Jeanes, anapereka madola 1 miliyoni mu 1907 kuti athandize sukulu za ana a anthu akuda za m'midzi ya kummwera. Ndalamazo zinkalipira aphunzitsi odziwa ntchito kuti aziyenda sukulu ndi sukulu kuthandiza anzawo. Ku Kenya anatsegula sukulu yophunzitsa anthu otere ku Kabete mu 1925, kwathu kuno Jeanes Training Centre inatsegulidwa ku Domasi mu 1929.

Chosangalatsa n'chakuti mphunzitsi sankapita yekha ku Domasi. Ankanyamuka ndi banja. Bambo akuphunzira kaphunzitsidwe, ulimi, ukhondo ndi luso la manja, mayi naye ali pa kaleredwe ka ana ndi kasamalidwe ka pakhomo, kuti akabwerera kwawo nyumba yawoyo ikakhale chitsanzo m'mudzi. Pambuyo pake mafumu nawo anayamba kuitanidwa kumaphunziro. Koma tisakometse zonse. Nzeruyi inachokera kudera la tsankho, ndipo pansi pake panali maganizo akuti mwana wa munthu wakuda khasu ndi macheka zimukwanira. Ophunzira a kumishoni ya Livingstonia ku Khondowe ndi ya ku Blantyre, amene ankafuna sukulu za sekondale, sanalakwe kuiyang'ana ndi diso lokayika.

Titalandira ufulu mu 1964, amene anatchuka m'sukulu anali insipekita. Iye sankabwera kudzakhala nawe pansi. Ankabwera kudzaona zolakwa n'kulemba lipoti, ndipo aphunzitsi akale mpaka lero amamukumbukira ndi mantha.

Chinabwezeretsa mlangizi ndi chipwirikiti cha 1994. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi anasefukira mpaka pansi pa mitengo. Boma linalemba aphunzitsi osapita ku koleji pafupifupi 18,000, ambiri a JCE, n'kuwapatsa choko atangolangizidwa sabata ziwiri kapena zitatu. Pulogalamu yowaphunzitsa uphunzitsi ya MIITEP, imene inayamba mu 1997, inkayamba ndi kuwasunga ku koleji miyezi itatu yokha, kwinako aziphunzira ali pantchito. Nanga wowaona m'kalasimo akhale ndani? Dziko linagawidwa m'mazoni, kunamangidwa ma TDC (malo osulirako aphunzitsi) 315 ndi thandizo la Britain, ndipo zoni iliyonse inapatsidwa PEA ndi njinga yamoto. Mutayang'anitsitsa, ndi mphunzitsi wa Jeanes uja, wangosiya kuyenda wapansi.

Ine ndimaona kuti pamene timapunthwa ndi pomwe paja. Kupeza mlangizi timatha, koma kumufikitsa kusukulu ya kuseri kwa phiri ndiye nkhani. Mafuta akasowa, kapena mtsinje ukadzaza, a PEA amathera nthawi pa TDC kusonkhanitsa mafomu opita ku ofesi ya maphunziro ya kuboma, ndipo sukulu yoyenderedwa kawirikawiri imakhala ya m'mbali mwa msewu, yomwenso ili kale ndi aphunzitsi ochuluka.

Alawansi ya aphunzitsi akumidzi, imene inayamba ndi K5,000 pamwezi mu 2010, inakumana ndi zomwezo. Mkangano unabuka pa mawu akuti "kumudzi": wa pa tireding'i senta, pali magetsi ndi minibasi, naye anati ali kumudzi. Mndandanda unakula mpaka sukulu zambiri za m'dziko muno zinalowamo, moti mphunzitsi woyenda maola awiri kuti apeze msewu ankalandira ndalama yofanana ndi mnzake wotsika minibasi pageti pa sukulu.