Thukuta silichotsa malungo, ndipo mafizo sapha asilikali a m'thupi

Mawu akuti "kathamange utuluke thukuta, malungowo atha" ndatopa nawo. Amanena makochi a mpira m'madera, amanena anyamata a ku jimu, ndipo masiku ano afika mpaka m'magulu a amayi othamanga m'mamawa aja. Mbali inayi kulinso bodza lake: akuti mafizo amphamvu amapha asilikali a m'thupi, ndiye ugule botolo la mankhwala "okweza chitetezo". Onsewa anamva nkhani ya theka.

Mukangoyamba kuthamanga, mahomoni otchedwa adrenaline amakwera, mtima n'kumapopa mwamphamvu. Maselo oyera, asilikali a m'thupi aja, amene anamatirira m'mbali mwa mitsempha, m'mapapo ndi m'kapamba amakokoloka n'kulowa m'magazi. Amene amachuluka msanga ndi gulu lotchedwa ma lymphocyte, makamaka a mtundu wa NK, omwe ntchito yawo ndi kusaka maselo ogwidwa ndi mavairasi kapena oyamba kusanduka khansa. Mukamalimbikira kuthamangako, nawonso amachulukirachulukira. Si zadzulo izi. Mu 1901 dokotala wina dzina lake Larrabee anayeza magazi a anthu othamanga mpikisano wa Boston Marathon n'kupeza maselo oyera atakwera ngati a munthu wodwala. N'chifukwa chake wina akafika wefuwefu atapalasa njinga kuchokera kumudzi kudzayezetsa magazi, ndimamuuza ayambe wapuma pabenchi. Munthu wamkulu wabwinobwino amakhala ndi maselo oyera pakati pa 4,000 ndi 11,000 m'kadontho kamene timati microlitre, koma njinga yokha itha kukweza nambalayo n'kutiopseza pachabe.

Mkangano uli pa zimene zimachitika mukasiya. Pakatha ola limodzi kapena awiri, ma lymphocyte amatsika kupitirira pomwe anali musanayambe, pamene maselo oyera a gulu lina, ma neutrophil, akupitiriza kutuluka m'mafupa chifukwa cha mahomoni otchedwa cortisol. Akatswiri a m'zaka za m'ma 1990 ankati nthawi imeneyi thupi limakhala pambalambanda, matenda alionse atha kulowa. Umboni anali nawo ndithu. Mu 1982 akatswiri awiri, Peters ndi Bateman, anatsatira anthu amene anathamanga mpikisano wa Two Oceans ku Cape Town, mtunda wa makilomita 56, ndipo mmodzi mwa atatu aliwonse anadandaula za chimfine kapena zilonda zapakhosi m'masabata awiri otsatira, kuwirikiza kawiri anzawo amene sanathamange. David Nieman anapezanso zofanana pa Los Angeles Marathon ya mu 1987: pafupifupi 13 pa 100 aliwonse anadwala sabata yotsatira, pamene mwa amene anakonzekera koma osathamanga anali 2 okha pa 100.

Koma mu 2018 John Campbell ndi James Turner a ku University of Bath anatsutsa kamasuliridwe kameneka, ndipo ine ndili kumbali yawo pa mfundo yaikulu. Maselo aja safa. Amachoka m'magazi n'kupita m'mapapo ndi m'matumbo, komwe tizilombo timakonda kulowera. Zili ngati kukawerenga asilikali kukampu iwo atatumizidwa kumalire, n'kubwerako ukulengeza kuti gulu lankhondo latha. Tsiku lisanathe nambala imabwerera mwakale. Nanga chimfine chija? Ganizani munthu amene wagona m'basi usiku wonse, wapanikizana ndi khwimbi la anthu poyambira, sanagone bwino chifukwa cha nkhawa, ndipo wapumira pakamwa mpweya wozizira kapena wafumbi kwa maola angapo. Pakhosi pake pakapweteka, mlandu wonse n'kupatsa kuthamanga? Sindikuti kudzipanikiza kulibe mtengo. Amene amachita mafizo oopsa tsiku ndi tsiku, osapuma, osadya mokwanira, ameneyo amadwaladwaladi. Koma amenewo ndi ochepa, ndipo ambiri amene mukuwerenga pano simuli m'gulu limenelo.

Za mafizo apakatikati palibe wokangana. Nieman yemweyo anatsatira anthu 1,002 kwa masabata 12, ndipo amene ankachita mafizo masiku 5 kapena kuposa pa sabata anadwala chimfine masiku ochepera ndi 43 pa 100 poyerekeza ndi okhala phee. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu achite mphindi 150 mpaka 300 pa sabata zapakatikati, kapena 75 mpaka 150 zamphamvu. Apakatikati ndi aja mutha kuyankhula koma osatha kuimba. Kuyenda ndawala, kupalasa njinga, kulima, zonsezo zimawerengedwa. Amene muli pa ma ARV chitaninso, n'zabwino, koma musayerekeze kuti kuthamanga kukweza CD4 m'malo mwa mankhwala.

Mnyamata wina sandichoka m'mutu. Anali asanakwane zaka 20, wosewera kutsogolo mu timu ya m'dera lawo. Anayamba kutopa msanga, thupi kumatentha n'kusiya, m'kamwa kumatuluka magazi akamatsuka mano. Kochi anati ndi ulesi, anamuonjezera maulendo ozungulira bwalo kuti atuluke thukuta. Zitakanika, mnzake wa ku jimu anati wadzipanikiza, chitetezo chatsika, ndipo mayi ake anagulitsa nkhuku kuti agule mabotolo aja kwa munthu wina woyenda ndi chikwama m'misika. Miyezi inadutsa. Atafika kwa ife, zikhatho zinali mbee, m'maso mulibe magazi, m'miyendo muli timadontho tofiira ngati walumidwa ndi nthata. Titayeza, maselo oyera sanali ochepa ayi. Anali ochuluka zedi, koma osakhwima, opanda ntchito, atadzaza m'mafupa mpaka kutsekereza ena onse. Inali khansa ya m'magazi. Banja lonse linkalipira ndalama kuti liwonjezere chinthu chimene chinali chitasefukira kale. Tinamutumiza ku chipatala chachikulu, koma sanakhalitse. Sindinganene kuti akanabwera msanga akanachira, khansa imeneyi ndi yovuta ngakhale kumene kuli zipangizo. Chimene chimandiwawa n'chakuti kuyeza kumene kunaulula zonsezi n'kwa tsiku limodzi, ndipo iye anathera mphamvu zake zomaliza akuzungulira bwalo padzuwa.

Ogulitsa mabotolowa afunseni funso limodzi: mwayeza chiyani kuti mudziwe kuti chitetezo changa chatsika? Kamakina kogwiritsa m'dzanja kaja, kamene amakalumikiza ku kompyuta n'kukuuzani matenda 10 nthawi imodzi, sikawerenga selo ngakhale limodzi. Maselo oyera amawerengedwa ku labu, m'magazi otengedwa pamkono.

Ndipo thupi likatentha, nsapato zothamangira zikhale pansi pa bedi. Kuno kutentha thupi timayamba taganizira malungo, ndipo kuyeza kwa pachala kuja sikufika ndi theka la ola. Tizilombo ta malungo tili m'kati mwa maselo ofiira, thukuta silingatitulutse, chimene mukutaya ndi madzi amene impso zanu zikuwafuna. Mavairasi ena amatupitsa minofu ya mtima, ndipo kuthamanga uli choncho kumagwetsa ngakhale anyamata amphamvu pabwalo. Ngati ndi mamina okha ndi kuyetsemula, yendani pang'onopang'ono, palibe vuto. Koma ngati pali kutentha thupi, kuphwanya m'mafupa, kutsegula m'mimba kapena kupweteka pachifuwa, pumani mpaka zitatheratu, ndipo pobwerera muyambe ndi zopepuka. Chifuwa chikakwana masabata awiri, kapena mukuonda, mukutuluka thukuta usiku, kaperekeni makhololo ayeze TB ndipo muyezetsenso HIV tsiku lomwelo. Achikochi, mwana akakuuzani kachiwiri kuti thupi likutentha, musamupatse wisulo ndi maulendo ena asanu. Mulembereni mayi ake kakalata apite naye kuchipatala m'mawa mwake.