"Matenda akula, bwerani": kumene mawuwa anachokera

Amene anakulira kumudzi amadziwa kuti mawu akuti "matenda akula, bwerani msanga" nthawi zambiri sanena za matenda. Ukawamva umatenga chofunda chokagonera pa siwa.

Ine ndinawamva koyamba ndili Fomu 2 pasukulu ina yogonera komweko. Amalume anafika pa njinga dzuwa litapendeka, thukuta lili kamukamu. Atapatsidwa mpando anakana. Anangoti, "Iwe, katenge juzi. Agogo ako sakupeza bwino, akukufuna." Njira yonse anandikweza pakaliyala akudandaula za mtengo wa feteleza. Titayandikira mudzi ndinaona nthambi zamasamba zitaikidwa mumsewu. Amalume anatsika njinga, navula chipewa, tinayamba kuyenda pansi. Palibe anandiuza kuti agogo atisiya. Anandiuza ndi masamba aja.

Kwa zaka zingapo ndinkaona ngati anandinamiza. Kenaka ndinazindikira kuti amalumewo ankatsata dongosolo lakale kwambiri, loti uthenga wa matenda uzitsogola, wa imfa uzibwera pambuyo.

Dongosololi mizu yake ili m'ukwati. Pakati pa Achewa, Amang'anja ndi Ayao, mwamuna ankapita kukakhala kwawo kwa mkazi, pa chikamwini. Ngakhale atamanga nyumba ndi kubereka ana kumeneko, mwiniwake wa munthuyo anali abale a kwawo kumene anachokera. Akadwala, akuchikazi ankayenera kutuma ankhoswe kukanena kwawo kuti m'bale wanu sakudzuka bwino, abalewo abwere adzadwazike nawo. N'chimodzimodzinso mkazi wotengedwa pa chitengwa. Kungotulukira ndi uthenga wa maliro anthu asanamve za matenda unali mlandu. Funso loyamba linkakhala lakuti, "Nanga matendawo bwanji simunatiuze?" Ndipo kuseri kwa funsolo kunkabisala lina loopsa: kodi mwamuchita chiyani m'bale wathu? Maliro ena ankachedwa kuikidwa mpaka akuluakulu atakambirana ndipo olakwa atapepesa. Choncho ngakhale munthu afe mwadzidzidzi, wamthenga ankayamba ndi matenda, kuti khutu lilandire kaye chaching'ono.

M'mudzi momwemo munalinso ndondomeko yake. Mpweya ukatha, amayi ankauzidwa kuti ayambe adziletsa kulira mokweza kufikira amfumu atadziwitsidwa, poti manda ndi a mfumu, ndipo ndi iwo amaloleza adzukulu kukakumba. Kenaka anyamata ankamwazika m'midzi yoyandikana. Wamthenga sankafuula ali pabwalo. Ankafuna wamkulu wa pakhomopo, n'kumutengera pambali, n'kunjuta. Mawu akuti "wafa" ankasiyira nkhuku ndi mbuzi. Za munthu ankati zavuta, atisiya, atsogola, kapena kungoti odwala aja talephera. Ana ndi amayi oyembekezera ankamva pomalizira, kudzera mwa munthu wodziwa kuwagwira mtima.

Zonsezi zinkatheka chifukwa abale ankakhala mtunda woyenda ndi miyendo. Chinasokoneza ndi ulendo wa kumigodi. Kuyambira nthawi ya atsamunda amuna ankapita ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni, ena paokha, ena kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi ya ku South Africa. Pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Munthu akafera kumeneko ankaikidwa komweko. Kumudzi kunkafika kalata patapita masabata, kapena mnzake wobwerera atanyamula sutikesi ndi bulangeti la malemuyo. Kalata imafuna wodziwa kuwerenga, ndiye kangapo konse mwana wasukulu ndi amene ankayamba kudziwa za imfa ya bambo ake akuluakulu asanamve, dongosolo lonse litatembenuzika. Ena uthenga wawo sunafike n'komwe. Anangotchedwa matchona, akazi awo osadziwa ngati ndi amasiye kapena ayi.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yomwe inkabweretsa anthu kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana. Anafa anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi. Kamuzu Banda anaimitsa zolemba anthu ntchito za kumigodi, ndipo zinadzayambiranso mu 1977. Mabanja ambiri amene ankadikira munthu wobwera ndi njinga yatsopano ndi wailesi analandira uthenga wopanda matenda outsogolera.

Wailesiyo ndiyo inadzakhala wamthenga wa dziko lonse. MBC inayamba mu 1964, ndipo mauthenga achisoni anasanduka gawo limene anthu sankafuna kuliphonya. Akayamba kuwerenga, pakhomo pankati zii. Woulutsa ankatchula wolandira uthenga, kumene ali, amene wamwalira, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, n'kupempha kuti aliyense amene wamva amudziwitse mwini uthengawo. Pempho lomalizali ndimaliona lanzeru. Kawirikawiri mwini uthenga sankakhala pa wailesi. Ankamva ndi mnansi kapena mnzake wa kuntchito, ndipo iyeyo ankachita zija za makolo: kupita, kupempha kuti tionane pambali, kuyamba ndi "kodi kumudzi munamvako liti?"

Mafoni a m'manja atafika, TNM cha m'ma 1995 ndi Celtel mu 1999, poyamba mwambo unapirira. Anthu ankaimbira mkazi wa munthu kapena abwana ake, osati mwiniwakeyo, kuti pakhale wina pafupi womugwira. Zavuta ndi WhatsApp ndi Facebook. Lero chithunzi cha malemu chimakhala chili pa status thupi lisanachoke m'chipinda cha odwala, amfumu asanamve, ankhoswe asanavale n'komwe nsapato. Amene amathamangira kulemba nthawi zambiri si mwini maliro. Amakhala msuweni wapatali kapena mnzake wa kutchalitchi, ndipo mwana wa malemu ali ku Cape Town amadziwira m'minibasi, pakati pa anthu osawadziwa.

Mabanja ena ayamba kudziteteza. Imfa ikachitika amagawana mayina, uyu aimbira uje, uyu apita yekha kwa mayi okalamba, ndipo amachenjezana kuti pasapezeke wolemba kanthu onse asanamve. Chaka chatha ntchito yoimbira mchemwali wanga inagwera ine. Foni italowa ndinadzimva ndikufunsa ngati alamu ali pafupi, kenaka ndinati, "Achemwali, amalume aja matenda akula."