Kodi mwana apitirize chiyankhulo chachilendo ku sekondale ya ku America? Mafunso a ofuna malo kukoleji

Ku United States sekondale ndi ya zaka 4, kuyambira giredi 9 mpaka giredi 12. Ana ambiri amayamba Chisipanishi kapena Chifalansa ali mu giredi 8 kapena 9, koma akamayandikira giredi 11 amayamba kuganiza zochisiya kuti apeze mpata wa maphunziro ena. Musanasayine fomu yosankhira maphunziro a chaka chamawa, onani kaye mfundo izi.

Makoleji amafuna zaka zingati?

Pali ziwerengero ziwiri, ndipo anthu amazisokoneza. China ndi cha zaka zimene koleji imalamula, china ndi cha zaka zimene imalimbikitsa. University of California imalamula zaka 2 za chiyankhulo chimodzi, mwana atapeza giredi C kapena kuposa, koma imalimbikitsa zaka 3. Lamuloli lili pa chilembo E m'ndandanda wa maphunziro wotchedwa A-G, umene California State University imatsatiranso. Mayunivesite a boma a ku Florida amafuna zaka 2. MIT imatchula zaka 2, Stanford zaka 3 kapena kuposa, pamene Harvard ndi Princeton amalimbikitsa zaka 4 za chiyankhulo chimodzi.

Kumakoleji amene malo ndi olimbirana, mawu oti "timalimbikitsa" muziwatenga ngati lamulo. Palibe amene angakane kuwerenga fomu ya mwana chifukwa choti analekezera pa chaka chachiwiri, koma fomuyo imayerekezedwa ndi mafomu a anzake amene anafika chaka chachinayi, ndipo mpatawo umaonekera.

Ziwerengerozi ndingazipeze kuti?

Makoleji ambiri amatulutsa chaka ndi chaka chikalata chotchedwa Common Data Set. Lembani dzina la koleji pamodzi ndi mawu amenewa pa intaneti, kenako pitani pa ndime C5. Mupeza tebulo la maphunziro, ndipo pa mzere wa chiyankhulo chachilendo pali malo awiri: a zaka zolamulidwa ndi a zaka zolimbikitsidwa. Chitani zimenezi pa koleji iliyonse imene mwana akuiganizira, mutenge chiwerengero chachikulu pa zonse. Chimenecho ndiye cholinga chake. Yerekezaninso ndi tsamba la koleji lolembera ophunzira atsopano, chifukwa mbali zina za yunivesite imodzimodzi, monga ya uinjiniya ndi ya zaluso, zimatha kukhala ndi zofuna zosiyana.

Chimawerengedwa ndi chiyani, zaka kapena mlingo umene mwana wafika?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Makoleji ambiri amayang'ana mlingo. Tiyerekeze mwana amene anayamba Chisipanishi 1 ali mu giredi 8. Mu giredi 9 achita Chisipanishi 2, mu giredi 10 Chisipanishi 3. Pa transcript yake ya sekondale (chikalata cha maphunziro ndi magiredi ake) pangaoneke zaka 2 zokha, koma iye wafika mlingo wachitatu. University of California imavomereza poyera maphunziro a chiyankhulo a mu giredi 7 ndi 8, ndiponso imati kukhoza mlingo wapamwamba ndi umboni wakuti wapansi unatheka.

Komabe pali makoleji amene amafuna kuona mwana akulimbana ndi phunziroli ali ku sekondale kwenikweniko. Mwana wathu uja akasiyira pa giredi 10, owerenga fomu aona zaka ziwiri zomaliza zopanda chiyankhulo chilichonse, pamene sukulu yake inali ndi Chisipanishi 4 ndi AP (Advanced Placement, maphunziro a mlingo wa kukoleji ochitidwa ku sekondale). Amadziwa zimenezi chifukwa mlangizi wa pasukulu amatumiza chikalata chofotokoza maphunziro onse amene sukuluyo imapereka. Choncho kuyamba msanga kuzikhala mwayi wofika patali, kusakhale chifukwa cholekera msanga.

Nanga atachita zaka 2 za Chifalansa ndi zaka 2 za Chijeremani?

Zimenezo sizifanana ndi zaka 4 za chiyankhulo chimodzi. Milingo iwiri yoyamba ndi ya malonje, manambala, kufotokoza za banja ndi malamulo oyambirira a galamala. Ntchito yeniyeni imayamba pa mlingo wachitatu ndi wachinayi, pamene mwana amawerenga nkhani zolembedwera eni chiyankhulo, kulemba chimangirizo, ndi kutsutsana ndi anzake m'kalasi osagwiritsa ntchito Chingerezi. Wosintha amabwereza gawo losavuta kawiri. Akafuna chiyankhulo chachiwiri, awonjezere pamwamba pa choyambacho.

Nkhani imasiyana ngati sukulu yathetsa phunzirolo, mphunzitsi wachoka, kapena banja lasamukira kwina. Pamenepo mwana alibe mlandu, koma zilembedwe: mlangizi atchule m'kalata yake, mwananso afotokoze m'ziganizo ziwiri kapena zitatu pa gawo la Additional Information la Common App, fomu ya pa intaneti yofunsira malo m'makoleji ambiri.

Chiyankhulo chagundana nthawi ndi phunziro lina lofunika. Titani?

Izi zimachitika kawirikawiri mu giredi 11 ndi 12, chifukwa makalasi a milingo yapamwamba amakhala ndi ana ochepa ndipo sukulu imaika kalasi imodzi yokha patsiku. Mwana apeza kuti Chifalansa 4 ndi AP Chemistry zonse zili pa piriyodi yachitatu.

Asathamangire kusiya. Choyamba apite kwa mlangizi msanga, ndandanda isanatsekedwe, chifukwa nthawi zina kungosuntha phunziro lina kumamasula mpata. Zikakanika, pali kalasi ya pa intaneti yovomerezeka, kapena kulembetsa ku community college (koleji ya m'dera ya zaka ziwiri) akadali ku sekondale. Chimene chimalakwika apa n'chakuti banja limalipira kosi osafunsa ngati sukulu idzaiika pa transcript. Pezani chilolezo cholembedwa musanalipire. Ofuna University of California aonenso ngati kosi ya pa intaneti ili pa ndandanda wa A-G wa amene akuiperekayo, ndipo adziwe kuti kosi ya kukoleji yongophunzitsa kucheza m'chiyankhulo siwerengedwa. Mapulogalamu a pafoni ndi othandiza pokumbutsa mawu, koma sapereka giredi imene koleji ingawerenge.

Ngati njira zonse zatsekeka, mwana amene wafika kale mlingo wachitatu ndipo akufuna kudzaphunzira sayansi akhoza kusankha Chemistry, n'kufotokoza chifukwa chake pa fomu.

Mwana akuopa kuti phunziroli limutsitsira magiredi.

B wa mlingo wachinayi saononga fomu. Vuto lenileni ndi D kapena F, chifukwa malo ngati University of California sawerenga giredi yochepera C. Mwana akayamba kutsika, kawirikawiri gwero lake ndi galamala ya chaka chatha imene sinakhazikike, makamaka kasinthidwe ka aneni. Mankhwala ake ndi kubwereza pang'onopang'ono tsiku lililonse ndi kufunsa mphunzitsi temu isanafike pakati. Kwa mwana amene ali ndi vuto lodziwika la kuwerenga, wokhala ndi IEP kapena 504 plan (ndondomeko zimene sukulu imalemba zothandizira mwana wotere), kambiranani ndi sukulu komanso koleji iliyonse payokha, chifukwa chimene sekondale yamukhululukira si kuti koleji nayonso yakhululuka.

Kunyumba timayankhula kale chiyankhulo china. Kodi chimenecho sichikwanira?

Ndi chuma chachikulu, koma koleji imafuna umboni wolembedwa. Njira zake ndi mayeso a AP kapena IB (International Baccalaureate) ngati chiyankhulocho chilipo, kapena Seal of Biliteracy, chidindo chimene chinayambira ku California ndi lamulo la 2011 ndipo chimaikidwa pa dipuloma mwana akaonetsa kuti amatha ziyankhulo ziwiri. University of California imavomerezanso zaka 2 za sukulu, kuyambira giredi 6 kupita m'tsogolo, zimene mwana anaphunzitsidwa m'chiyankhulo china osati Chingerezi. Dziwani kuti kuyankhula bwino ndi agogo n'kosiyana ndi kulemba chimangirizo, ndipo mayesowa amayesa kuwerenga ndi kulemba komwe.

Chilatini, chiyankhulo cha manja ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta zimawerengedwa?

Chilatini chimawerengedwa. American Sign Language imavomerezedwa ndi makoleji ambiri, kuphatikizapo University of California, koma funsani koleji iliyonse. Pa za kompyuta chenjerani: Texas imalola zimenezi kulowa m'malo mwa chiyankhulo kuti mwana amalize sekondale, koma lamulo lomalizira sekondale silimanga koleji ya dera lina.

Mayeso a AP ali ndi phindu lanji?

Bungwe la College Board limapereka AP ya Chisipanishi, Chifalansa, Chijeremani, Chitaliyana, Chitchaina, Chijapani ndi Chilatini. Amalembedwa mu Meyi ndipo zotsatira zimachokera pa 1 kufika pa 5. Mayeso a SAT Subject Tests, amene kale ankathandiza pa nkhaniyi, anathetsedwa mu 2021.

Phindu lalikulu limaoneka mwana atalowa kale kukoleji. Makoleji ambiri salola munthu kulandira digiri asanafike mlingo winawake wa chiyankhulo chachilendo. Wokhoza bwino AP, kapena mayeso oikira ophunzira m'makalasi pofika, amatha kudumpha masemesita angapo kapena kumasulidwa kotheratu. Amene anasiya mu giredi 10 amakalemba mayeso amenewo patatha zaka ziwiri osagwira buku, n'kubwezedwa ku kalasi yoyamba, kulipira fizi ya kukoleji pa zinthu zimene sekondale ya boma inkapereka ulere.

Malo akapezeka, angasiye phunziroli pakati pa giredi 12?

Asasiye asanafunse. Pa fomu analemba maphunziro amene akuchita chaka chimenecho, ndipo malo amaperekedwa potengera kuti awamaliza. Sukulu imatumiza lipoti la pakati pa chaka ndi transcript yomaliza, ndipo koleji ili ndi mphamvu yolanda malo ikaona kusintha kumene sinauzidwe. Alembere ofesi yolemba ophunzira atsopano, afotokoze chifukwa chake, ndipo adikire yankho lolembedwa asanapereke fomu yosiyira kalasi kwa mlangizi.