Mganda ndi malipenga: gule amene anabwera ndi asilikali

Ukaona amuna a mganda atandanda mizere, makabudula oyera ositidwa bwino, masokosi ofika m'mawondo, kampango m'manja, sungaganize kuti gule waukhondo chotere anachokera m'matope a nkhondo. Komatu n'kumene anachokera.

Mizu yake ili kugombe la Kenya ndi Tanzania. M'zaka za m'ma 1890, anyamata a ku Lamu, Mombasa ndi Pangani ankaonerera mabandi a asilikali a azungu, kenako n'kuyambitsa magulu awo ovina opikisana, otchedwa beni. Dzinali ndi liwu lomwe lija la bandi, longopindidwa ndi lilime la Chiswahili.

Kuno kwathu guleyu anafala ndi nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene agogo athu ankaitcha ya Chiwaya. Mu Seputembala 1914 Ajeremani anamenyana ndi Angerezi ku Karonga, ndipo kuchokera apo Nyasaland sinaonenso mtendere mpaka nkhondoyo itatha. Amuna ena a kuno analembedwa usilikali wa Keyala, gulu la nkhondo la Angerezi la King's African Rifles, koma ochuluka zedi, pafupifupi 200,000, anatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza zipolopolo ndi chakudya pamutu m'nkhalango za Tanganyika ndi Mozambique. Ambiri anafera m'njira ndi njala komanso matenda. John Chilembwe anali atadandaula kale m'kalata yake ya mu Novembala 1914 kuti anthu osauka akufera nkhondo yosawakhudza.

Amene anapulumuka anabwerera kumudzi opanda kanthu m'manja, koma perete anali atawalowa m'miyendo. Ayao a ku Mangochi ndi Machinga anasunga dzina la beni. Atonga a ku Nkhata Bay, anthu a ku Likoma ndi Karonga anati malipenga. Achewa a ku Dowa, Ntchisi ndi Kasungu anati mganda.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi lipenga lenilenilo. Lamkuwa analibe ndalama yogulira, ndiye anatenga chikho, n'kuboola, n'kumata pabowopo kachikopa koyera ka chisa cha kangaude. Munthu akaimbiramo, mawu amatuluka akunjenjemera, ndipo zikho khumi zikalira pamodzi ndi ng'oma yaikulu ya mbali ziwiri ija, tsitsi limachita nyaunyau. Gulu lililonse ankalitcha boma, ndipo linali ndi mfumu yake, kaputeni, dotolo ndi namwino. Boma la mudzi uno linkayenda mtunda wautali kukapikisana ndi la mudzi wina, oweruza n'kumayang'ana sitepe, nyimbo ndi ukhondo wa zovala.

Mpaka lero anthu amatsutsana. Ena amati uku kunali kusirira mzungu, ena amati kunali kumuseka. Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zikuwachepetsa amuna aja. Munthu amene kunkhondo sankaloledwa kufika pa udindo wa kaputeni, kumudzi anadziveka yekha ukaputeni, anzake n'kumamuchitira sawasha ndi mtima wonse. Ndipo magulu amenewa sanathere pabwalo pokha. Ku migodi ya Copperbelt, m'dziko limene lero ndi Zambia, pamene ogwira ntchito ananyanyala mu 1935, uthenga unayenda kudzera m'magulu a mbeni, gule wa banja lomweli.

Masiku ano ambiri timauona mganda pamisonkhano yandale, ovina atapatsidwa mphindi zisanu alendo olemekezeka asanayambe kulankhula. Zimandiwawa, chifukwa kale boma limodzi linkatha miyezi likukonzekera mpikisano, ndipo mudzi wonse unkasonkha ufa ndi nkhuku zolandirira alendo odzavina.