Nigori Nawonso Umasefedwa

Ambiri akaona mtundu wa sake (mowa wa mpunga wa ku Japan) wotchedwa nigori, woyera mbuu komanso wokhuthala ngati thobwa, amati ndi mowa wosasefa. Si zoona. Lamulo la msonkho wa mowa ku Japan limati mowa wa mpunga uyenera kusefedwa kuti utchedwe seishu, lomwe ndi dzina la sake pamalamulo. Nigori umasefedwa ndithu, kungoti sefa yake ndi ya mabowo akuluakulu, ndiye tinyenyeswa ta mpunga timadutsa. Wosasefa weniweni ndi doburoku, umene lamulo limauika m'gulu lina. Kampani ya Masuda Tokubee ya ku Fushimi, mumzinda wa Kyoto, ndiyo inatchuka potsitsimutsa nigori m'zaka za m'ma 1960.

Umene ndimaukonda ine ndi nigori wathovu, wotsekemera pang'ono ndi kakuwawasa chapatali. Opanga ena sautenthetsa akatha kufulula, choncho yisiti imakhalabe yamoyo m'botolo n'kumatulutsa mpweya. Botolo lotero lizikhala m'firiji, ndipo musaligwedeze. Tsegulani pang'ono, mutseke, mudikire thovu litsike, kenako mutsegulenso. Mukachita phuma, mowa wambiri umasefukira pansi.